Amati ndi mwana wosamva

 Sabata ino mwayi wolemba wagwera ine, ndipo ndabwera ndi nkhani ya mwana amene nonsenu mukumudziwa. Kwanu aliko. Mwina ndi wa nyumba yoyandikana nanu, mwina ndi wa achemwali anu, mwinanso ndi wanu weniweni. Mukamuitana satembenuka. Anzake akamasewera phada kapena mpira wachikulunga, iye ali yekha kuseri kwa nkhokwe, akundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, ndipo mukangosuntha chimodzi, kulira kwake mudzi wonse umva. Kapena ndi uja sakhazikika pansi, amene aphunzitsi anatopa naye teremu yoyamba isanathe. Maina timamupatsa ambirimbiri: wozerezeka, wopepera, chitsiru, wolodzedwa, wamizimu. Koma lofala kuposa onse ndi lakuti wosamva.

Ine ndine clinical officer, amene kumudzi amangoti adokotala. Ndimagwira ntchito m'dera la Mfumu Yaikulu Lundu m'boma la Chikwawa, m'midzi yozungulira Nchalo. Masiku ambiri ndimakhala ndi malungo, kutsegula m'mimba ndi chibayo monga anzanga onse. Koma masiku a sikelo ya m'midzi, alangizi a zaumoyo amandisungira ana amene kakulidwe kawo kakudetsa nkhawa, ndipo ndimakwera njinga yamoto kukawaona kwawo. Zimene ndaphunzira kumeneko ndi zomwe ndikufuna tigawane.

Tiyambe ndi liwu lomweli lakuti wosamva. Lili ndi matanthauzo awiri, ndipo ngozi yake ili pomwepo. Limanena za khutu logontha, limanenanso za mtima wamwano. Ndiye mayi akandiuza kuti "mwanayu ngwosamva", ntchito yanga yoyamba ndi kufufuza kuti pansi pa liwuli pabisala chiyani, chifukwa pamabisala ana osiyanasiyana.

Pali mwana amene makutu ake akhala akutuluka mafinya chaka chathunthu. Ameneyo samvadi, ndipo akufunika mankhwala ndi kupimidwa makutu. Pali wina amene makutu ake ndi akuthwa kuposa anu ndi anga: pepala la bisiketi likangoti khwaa kuseri kwa nyumba wafika kale, koma dzina lake likatchulidwa satembenuka. Sayang'ana anthu m'maso, salozera chinthu kuti muone naye, phokoso la chigayo kapena la zokuzira mawu kutchalitchi limamupweteka mpaka kutseka makutu. Kawirikawiri ameneyo ali ndi autism. Ubongo wake umalandira mawu, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa mwanjira yakeyake. Bungwe la WHO linanenapo kuti padziko lonse pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndiye musamati ndi matenda a azungu kapena a ana a ku Area 47 okha. Pali wina amene amamva, amafunanso kumvera, koma maganizo ndi thupi lake sizimulola kukhala phee ngakhale mphindi zisanu. Imeneyo timaitcha ADHD. Pali winanso amene amangoti duu kwa masekondi ochepa, maso ali gwa, kenako nkupitiriza zomwe amachita ngati palibe chachitika, kambirimbiri patsiku. Umenewo ndi mtundu wina wa khunyu umene sugwetsa munthu pansi, ndipo mankhwala ake alipo.

Kuno kuchigwa tili ndi gulu linanso lalikulu: ana amene anabadwa bwinobwino, ankayenda, ankalankhula, kenako anadwala malungo a mu ubongo nkukomoka masiku angapo. Anachira, banja linathokoza Mulungu, koma mwana amene anabwerera kunyumba anali wosinthika. Ofufuza a Blantyre Malaria Project pachipatala cha Gulupu anatsatira ana opulumuka malungo oterewa, ndipo zomwe anasindikiza mu 2010 zinaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi vuto, kaya khunyu, kaya kufooka kwa ziwalo, kuvutika kulankhula kapena kusintha kwa khalidwe. Nchifukwa chake neti, kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha, ndi katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019, sindiziona ngati nkhani ya malungo okha. Zimateteza ubongo wa mwana.

Mwaona? Ana asanu osiyana, aliyense wofuna thandizo lakelake. Koma kumudzi onsewa mankhwala awo ndi amodzi: chikoti.

Mwina mukufunsa kuti timawapima bwanji popanda makina. Chida changa chachikulu ndi mphasa. Timayala pansi pa mtengo wa nimu, mayi akhala, mwana akhala kapena akuzungulira, ine ndimatsegula kachikwama. Muli timatabwa tosanjikiza, mpira, kapu, supuni, choko, botolo ndi njere za chimanga. Timagwiritsa ntchito njira yopimira kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, imene inapangidwa konkuno ku Malawi ndi Dr Melissa Gladstone ndi anzake, nkusindikizidwa mu 2010. Njira zakale zinkachokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo zinkafunsa mwana zinthu zimene mwana wa kwa Lundu sanazionepo, monga kukwera masitepe a nyumba yosanja. Mwana wanzeru zake ankaoneka wotsalira chifukwa cha mafunso achilendo. MDAT imayang'ana mbali zinayi: kayendedwe ka thupi lonse, kagwiridwe ka zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe pakati pa anthu. Payokha siinena kuti mwana ali ndi autism kapena ayi. Imangotisonyeza pamene watsalira ndi pamene ali bwino, ndipo pali bwinopo ndi pomwe timayambira.

Kenako ndimafunsa mayi, ndipo mafunso ake ndi ataliatali. Mimba inali ya miyezi ingati? Anabadwira kuti? Analira atangobadwa? Anachitapo chikasu masiku oyamba? Anakhala pansi ali ndi miyezi ingati, anayenda liti? Anakomokapo? Pali mawu amene ankawatchula kale koma anasiya? Buku lachipatala limandithandiza, ngati silinapite ndi madzi. Koma ndikuuzeni, ine ndimakhala ndi mwanayo ola limodzi, pamene mayi ake akhala naye usana ndi usiku kwa zaka. Amadziwa kuti amadya nsima yokha yopanda ndiwo, kuti savala malaya okhala ndi kolala, kuti amagona pokhapokha atagwira chitenje chinachake. Zimenezi palibe anawafunsapo. Aliyense amangowauza zochita. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pantchito imeneyi mwambiwu ndi malangizo enieni. Mwana wina amatha mphindi makumi awiri asanandiyandikire, ndipo ndikamufulumizitsa, tsikulo latayika.

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa zaka zisanu. Dzina ndi mudzi sinditchula. Nditafika pakhomo pawo ndinamupeza ali ndi chingwe cha nsalu pamwendo, chomangirira kumtengo. Pakakolo panali chipsera chozungulira. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakwiya kale. Dikirani mumve mayi ake.

"Adokotala, mukundiona ngati mfiti eti? Ndikangomumasula amalunjika kungalande ya m'munda wa nzimbe. Madzi amachita kumukoka. Kawiri konse anthu amuvuula. Bambo ake anachoka, anati kumtundu kwawo kulibe zoterezi. Kudimba ndipite ndine, pamjigo ndine, kuchigayo ndine. Mukuti nditani?"

Mayiyu sanali wankhanza. Anali wotopa, ndiponso wamantha, ndipo mantha ake anali oona. Ana ambiri a autism amakonda madzi ndipo sazindikira ngozi. Kuno tili ndi Shire ndi ng'ona zake, ngalande zothirira nzimbe, ndi msewu wa M1 wodzaza magalimoto akuluakulu. Ndikanangowauza kuti kumanga mwana nkulakwa ndi kukwera njinga yanga, chingwe chikanabwerera pamwendo fumbi langa lisanathe. Ndiye tinakhala pansi ndi agogo a mwanayo, atsibweni ake ndi anyakwawa. Atsibweni ndi achinyamata a kutchalitchi anamanga mpanda wa bango kuzungulira bwalo. Mkati mwa mpanda tinaikamo beseni la madzi ochepa ndi makapu awiri, kuti madzi amene amawathamangira kungalande awapeze pakhomo, wamkulu akumuyang'ana. Agogo anavomera kukhala naye m'mawa mayi akapita kudimba. Anyakwawa analengeza pamsonkhano kuti aliyense womuona akulowera kungalande amugwire dzanja mwaulemu nkumubweza, osamukalipira, osamumenya.

Kenako tinayamba za kulankhula. Mwana amene alibe njira yonenera kuti ndili ndi ludzu amalira, amaluma, amadzimenyetsa mutu pansi, ndipo ife timati ndi mwano. Ndinawapempha mayi kuti asamathamangire kumupatsa chinthu asanapemphe. Agwire kapu pafupi ndi nkhope yawo, atchule liwu limodzi lokha lakuti "madzi", adikire. Akangotambasula dzanja kapena kuyang'ana kapuyo, ampatse nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ndi mbale, chimodzimodzi ndi chitenje chake chogonera. Patapita miyezi, mnyamatayo anayamba kubweretsa yekha kapu akafuna kumwa, mbale akamva njala. Kulira kunachepa. Mpaka lero salankhula, ndipo masiku ena amavutabe kwambiri. Koma chingwe chija pano akumangira mbuzi. Tsiku lina agogo aja anandiperekeza mpaka panjinga nkungoti, "Takhuta, mwananga." Malipiro a ntchito imeneyi nthawi zambiri amakhala amenewo.

Funso limene silisowa pa mphasa iliyonse ndi lakuti, "Wachita zimenezi ndani?" Sitifunsa kuti chachititsa nchiyani. Timafunsa kuti ndani. Ndipo yankho limakhala litakonzedwa kale. Ngati bambo ali ndi kagolosale kapena chigayo, ndiye kuti anakhwimira mwana wake. Ngati bambo ndi wosauka, ndiye mayi sanasunge mwambo ali woyembekezera. Ngati onse awiri ndi osalakwa, pali agogo ena okalamba kumapeto kwa mudzi amene akhala nthawi yaitali osafa. Mabanja atha, abale adana, nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha mwana amene sanalodzedwe ndi munthu. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma pamudzi lamuloli limamveka patali.

Chimene ndimawauza ndi ichi. Autism ndi ADHD kwambiri zimayendera m'magazi, kuchokera mbali zonse ziwiri za banja, monga msinkhu kapena khungu, ndipo palibe kholo limene limasankha. Mavuto ena amabwera chifukwa chobadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, chikasu chachikulu cha ukhanda, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kapena kunyentchera kwa nthawi yaitali. Za katemera zimene zimayenda pa WhatsApp zija zinachokera ku kafukufuku wina wa ku Britain wa 1998, amene anapezeka kuti anali wachinyengo. Magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010, ndipo dokotala wake analandidwa chiphaso. Mayi amene waleka kubayitsa mwana katemera wa chikuku poopa autism wangotsegulira chikuku chitseko, basi.

Sindilimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Kuno ndi dziko la Mbona, kachisi wa ku Khulubvi ku Nsanje akulemekezedwa mpaka lero, ndipo matchalitchi ndi mizikiti zili paliponse. Banja likafuna kupemphera, lipemphere. Ine ndimangopempha zinthu zitatu. Mwana asatemedwe mphini kapena kudulidwa kamnofu kapansi pa lilime poganiza kuti alankhula. Wa khunyu asasiyitsidwe mankhwala, ngakhale wina atalengeza kuti wachiritsidwa. Ndipo mbuzi yomaliza isagulitsidwe kulipira munthu wolonjeza kuti pofika Lachisanu mwana ayamba kuyankhula. Ndaona makola atatha chonchi, mwana ali chimodzimodzi. Za khunyu ndionjezeponso: malovu a munthu wogwa sapatsira matenda. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mumugoneke cham'mbali, osamuika supuni m'kamwa. Zipsera zamoto zimene ndimaona pa ana a khunyu zambiri zinabwera chifukwa anthu anaimirira patali kuopa kumugwira.

Musaganize kuti ndikapima mwana ndiye kuti zatheka. Akatswiri a ana, a makutu ndi ophunzitsa kulankhula ambiri ali ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 70 kuchokera ku Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu nkukwera mapiri a Thabwa. Kalata yotumiza wodwala ndimalemba mphindi ziwiri, koma kwa mayi wodalira ganyu ndi ndalama ya kabaza, ya minibasi, ya chakudya, ndi tsiku lonse losagwira ntchito, atabereka mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene amakuwa minibasi ikadzaza. Makalata ambiri amathera m'buku lachipatala. Miyezi ina mankhwala a khunyu amatithera, ndipo mwana amene anatha theka la chaka osagwa amayambiranso. Anzathu a kumpoto ali ndi St John of God ku Mzuzu imene imathandiza ana oterewa, koma dziko lonse silingadalire malo owerengeka.

Kusukulu nakonso ndi nkhondo ina. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Lamulo la anthu olumala la 2012, ndi latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwake, amaletsa kusala mwana pamaphunziro. Aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Koma alipo ochepa, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ali ndi ana oposa zana pansi pa mtengo, dzuwa la Okutobala litapyola madigiri 40, simungamuweruze msanga akanena kuti "mayi, mwana wanuyu azikhala kunyumba". Ndimapita kukacheza nawo aphunzitsi otere. Sindiwapempha zozizwitsa. Mwana wa ADHD akhale kutsogolo, apatsidwe malangizo amodzi nthawi imodzi, atumidwe kukatenga choko kapena kufufuta bolodi kuti thupi lake lipeze poyendera. Wa autism akhale malo omwewo tsiku lililonse, auzidwiretu zinthu zikamasintha, aloledwe kutuluka phokoso likamukulira. Aphunzitsi ena amakana. Ena amayesa, ndipo amadabwa kupeza kuti mwana uja ankamuti chitsiru amaloweza manambala kuposa kalasi yonse. Amayi a kusukulu za mkombaphala nawonso ndi maso athu, chifukwa ndiwo amayamba kuona mwana amene sakusewera ngati anzake.

Ndiye pali madzi osefukira. Inu a kumtunda mumaziona pa TV: Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Mudzi wonse umathawira kusukulu, mabanja makumi angapo m'kalasi imodzi. Kwa mwana amene moyo wake umadalira kuti lero lifanane ndi dzulo, msasa ndi chizunzo. Kapu yake yapita, chitenje chake chapita, phokoso silitha usiku wonse. Amakuwa, anthu otopa kale amadandaula, ndipo mayi amatuluka naye kukagona pakhonde, kumene kuli udzudzu. Pamzere wolandira ufa sangaime naye maola atatu. Amene mumagwira ntchito m'mabungwe othandiza pangozi, polemba maina muzifunsako ngati pali banja la mwana wotere. Kangodya kabata ndi kuwalola kulandira msanga sizifuna bajeti.

Funso limene limandisowetsa tulo silichokera m'mabuku. Limabwera kumapeto, mayi akamapinda mphasa, mawu atatsika: "Adokotala, ine ndikadzafa, ameneyu adzamusunga ndani?" Jekeseni wa funso limeneli kulibe. Autism si malungo kuti tipereke LA masiku atatu. Mwanayo adzakula nayo, ndipo ena adzalankhula, adzaphunzira, adzakwatira, pamene ena adzafuna wowasamala moyo wonse. Yankho loona limene ndili nalo ndi lakuti adzamusunga anthu amene amuzolowera lero. Nchifukwa chake sindifuna kupima mwana ndi mayi yekha. Ndimaitana bambo ngati alipo, achemwene ndi achemwali ake, atsibweni, azakhali. Mwana wobisidwa m'nyumba amadziwika ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo akachoka, watsala pamtetete. Mwana amene amapita kutchalitchi, kumaliro, kumsika, ngakhale akukupiza manja ndi kung'ung'udza, mudzi umaphunzira njira zake. Paja timati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu makolo, nazi zizindikiro zoti musazengereze nazo. Mwana wa chaka chimodzi amene satembenuka akaitanidwa dzina, sabwebweta, salozera. Wa chaka ndi theka amene alibe liwu ngakhale limodzi. Wa zaka ziwiri amene salumikiza mawu awiri monga "amama madzi". Ndiponso mwana wa msinkhu uliwonse amene wasiya kuchita zomwe ankachita kale. Musadikire kuti "anyamata amachedwa" kapena "atsibweni akenso analankhula mochedwa". Kauzeni alangizi a zaumoyo kusikelo, pemphani kuti apimidwe makutu ndi kakulidwe. Ubongo wa mwana wamng'ono uli ngati dothi lonyowa, umaumbika, ndipo zaka zoyambirira ndi zomwe thandizo limagwira kwambiri.

Pomaliza ndilankhule nanu monga alembi, poti gulu lino ndi la olemba. Taganizirani nthano zathu, masewero a pawailesi ndi timafilimu ta pa Facebook. Munthu wotereyu timamulemba bwanji? Amakhala woseketsa anthu, malovu ali chuchuchu, kapena umboni wakuti bambo wolemera uja anakhwima. Owerenga amaseka, kenako amakakumana naye pamjigo ali ndi chithunzi chimene tinawapatsa ife. Dzina limene mudzi wapatsa mwana ndi limene limamulera: akatchedwa wosamva amakwapulidwa, akatchedwa wolodzedwa amatemedwa mphini, akatchedwa chitsiru sapita kusukulu. Inu muli ndi mphamvu pa maina kuposa ine wa kachikwama ka timatabwa. Mukadzamulemba, kayambeni mwacheza ndi mayi ake. Mumupatse dzina lake lenileni, chakudya chimene amakonda, chinthu chimene amaopa, ndi munthu amene amamuseketsa. Ndipo ngati pafupi nanu pali mayi wotere, sabata ino kamukhalireniko ndi mwanayo maola awiri okha, apite kuchigayo mtima uli m'malo.